Kapepo, kofiira, kabuluu kapena kobiriwira: kusankha kabotolo kotengera magazi

Magazi akangotuluka mumtsempha amayamba kusintha. Pakatha mphindi zochepa amaundana. Maselo ake amakhala adakali amoyo, ndiye amapitiriza kudya shuga amene ali momwemo, ndipo nthawi ikamapita amayamba kutulutsa potassium amene anali mkati mwawo. Kabotolo kalikonse kotengera magazi kanapangidwa kuti kaletse kusintha kumodzi kapena kuwiri, kumene kungasokoneze chinthu chimene dokotala akufuna kudziwa. Palibe kabotolo kamene kamaletsa zonse, ndipo mankhwala amene amateteza muyeso umodzi ndi omwewonso amaononga muyeso wina. Ndiye posankha mudzifunse zinthu ziwiri: magaziwa akukayezedwa chiyani, nanga adzafika ku labu nthawi yanji? Funso lachiwirili mabuku ambiri salilabadira kwenikweni chifukwa analembedwera zipatala zimene labu ili pakhomo pomwepo. Kwa ife amene magazi athu nthawi zina amagona pa health centre kudikira njinga yamoto, ndi funso lalikulu ndithu.

Timabotolo timene timadzikokera tokha magazi tinachokera ku America. Joseph Kleiner ndiye anatulukira njirayi mu 1947, ndipo kampani ya Becton Dickinson inayamba kutigulitsa mu 1949 pa dzina lakuti Vacutainer. Mpweya wa mkati unachotsedwa mwa muyeso, kotero kabotolo kamakoka magazi okwanira ndendende n'kusiya kokha. Mankhwala a mkatimo anayezedwa kuti akwanirane ndi magazi amenewo, osati ochepera kapena ochulukirapo. Kamzere kamene kali pa pepala la kabotolo kali ndi ntchito imeneyo.

Chenjezo limodzi tisanapitirire. Mitundu ya zitsekero imene nditchule pano ndi imene tinaizolowera kuno, yotsatira dongosolo la ku America, koma si ya dziko lonse lapansi. Timabotolo ta kampani ya Sarstedt ya ku Germany, timene anamwino athu ogwira ntchito ku Britain amakumana nato m'zipatala zina, tili ndi mitundu ina: kokhala ndi mankhwala a EDTA ndi kofiira, ka citrate ndi kobiriwira, ka heparin ndi kaolenji, ka fluoride ndi kachikasu. Katundu wa m'zipatala zathu amachokera m'manja ambiri, ena wogula, ena wothandizidwa. Katoni yachilendo ikafika, werengani dzina la mankhwala pa pepala musanakhulupirire chitsekero.

Kofiira, kagolide ndi kobiriwira

Titatu timeneti timagwira ntchito yofanana, yoyeza za impso, chiwindi, mchere wa m'thupi monga sodium ndi potassium, komanso asilikali a m'thupi olimbana ndi matenda monga chindoko ndi hepatitis B. Kusankha kwenikweni kuli pano, chifukwa timatha kulowana m'malo koma osati nthawi zonse.

Kofiira kamalola magazi kuundana. Akale agalasi analibe kanthu mkati, galasi lenilenilo ndilo linkayambitsa kuundana. Apulasitiki a masiku ano anawazidwa ufa wa silica m'mbali kuti ugwire ntchito yomweyo, n'chifukwa chake nako kamafunika kukatembenuza pang'onopang'ono kasanu mukangotenga magazi. Kenako kamaimikidwa pafupifupi ola limodzi. Madzi achikasu amene amatsala pamwamba pa magazi oundanawo ndiwo serum. Ubwino wa kofiira ndi wakuti n'kotchipa, kamapezeka, ndipo ngakhale pamalo popanda centrifuge (makina opukusa magazi kuti apatuke) serum amapatuka yekha mukakasiya chiimire, n'kumutunga ndi pipette kumuika m'kabotolo kena koyera. Vuto lake ndi lakuti palibe chotchinga pakati pa serum ndi maselo. Kakagona usiku osapatulidwa, m'mawa potassium amakhala atakwera, shuga atatsika, ndipo mukakagwedeza pa msewu wa mabampu maselo ofiira amasweka, serum n'kusanduka wofiirira. Kuika m'firiji magazi osapatulidwa sikuthandiza potassium, kumangomukweza msanga, chifukwa kuzizira kumaimitsa timapampu ta m'khungu la maselo timene timamusunga mkati.

Kagolide, kamene ena amakatcha kachikasu kapena SST, ndi kofiira komweko koma kali ndi gel pansi. Kamaundana m'mphindi 30. Mukakapukusa pa centrifuge kwa mphindi 10, gel uja amakwera n'kukhala pakati, maselo pansi, serum pamwamba. Kuyambira pamenepo kabotolo kangathe kuyenda ulendo wautali, shuga ndi potassium osasintha kwenikweni, ndipo wa ku labu safunikanso kutsanulira serum kwina. Pa magazi otumizidwa kutali palibe kabotolo kokaposa. Koma mphamvu yake yonse ili pa centrifuge. Kagolide kosapukusidwa sikasiyana ndi kofiira, kangokhala kodula chabe. Ndiponso kakapukusidwa kamodzi basi kwatha. Kukapukusanso mawa lake kumafinyira pamwamba madzi amene anagona ndi maselo, potassium n'kukwera. Gel amamwanso mankhwala ena, kotero poyeza kuchuluka kwa mankhwala ena m'magazi malabu amafuna kofiira kopanda gel.

Kobiriwira kali ndi heparin, amene amalimbikitsa antithrombin, chinthu cha m'magazi mwathu momwemo choletsa kuundana. Magazi saundana, ndiye palibe kudikira: mukangofika ku labu mumapukusa, n'kuyeza plasma, madzi a magazi osaundanawo. Pa wodwala wa kayakaya, mwana wotsekula m'mimba wofooka kwambiri, kapena mayi wa BP yokwera amene mukufuna kudziwa za impso zake msanga, mphindi 30 kapena ola limene mwapulumutsa ndi lamtengo wapatali. Kamathandizanso pa odwala amene akumwa warfarin kapena kulandira heparin (mankhwala oletsa magazi kuundana), amene magazi awo amachedwa kuundana m'kofiira n'kumatulutsa timaulusi ta fibrin totseka makina. Pa potassium, plasma ndiye amanena zoona kuposa serum, chifukwa poundana ma platelet, timaselo tothandiza magazi kuundana, amatulutsa potassium wawo. Mwa munthu wamba kusiyanako n'kochepa, koma mwa amene ma platelet ake ndi ochuluka kwambiri serum amatha kuonetsa potassium woopsa pamene m'thupi muli bwinobwino.

Kobiriwira kali ndi malire ake. Heparin amasokoneza PCR, ndiye si ka viral load kapena kuyeza kwina kulikonse kofufuza majini a tizilombo. Amachititsa ma platelet ndi maselo oyera kumatirirana, komanso filimu (magazi opakidwa pagalasi kuti aonedwe pa microscope) imatuluka yabuluu mukaipaka utoto, ndiye si ka full blood count (kuwerenga maselo a m'magazi). Kalipo ka lithium heparin ndi ka sodium heparin. Wodwala amene akumwa lithium musamuyezere lithium m'koyambako, ndipo sodium musamuyezere m'kachiwiriko. Plasma wa heparin sasungikanso bwino ngati serum.

Ine ndimaona chonchi. Pa chipatala cha boma kapena chachikulu pomwe labu ili pafupi, kobiriwira ka zofulumira, kagolide ka zina zonse. Pa health centre yokhala ndi centrifuge ndi magetsi, kagolide kopukusidwa kasananyamuke. Pamalo popanda centrifuge, kofiira, serum atapatulidwa ndi pipette ngati n'kotheka, ndipo ngati sizitheka tumizani zimene zimapirira ulendo monga za chindoko ndi hepatitis, koma potassium ndi shuga musazipemphe pa magazi amenewo. Nambala yolakwika ya potassium ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo, chifukwa munthu amalandira mankhwala potsatira nambalayo.

Kofiira kagalasi kali ndi ntchito ina imene kapulasitiki sikangagwire, ndipo azamba ndi a ku casualty ayenera kuidziwa. Mayi akamataya magazi ambiri atabereka, buku la WHO la zovuta za uchembere limalangiza kutenga mamililita 2 a magazi m'kabotolo kagalasi kouma ndi koyera, kukafumbata m'dzanja kuti kakhale kofunda, kukapendeketsa pakatha mphindi 4, kenako mphindi iliyonse. Zikadutsa mphindi 7 magazi osaundana, kapena ataundana mofewa n'kumasweka, ndiye kuti mphamvu youndanitsa magazi yatha m'thupi mwa mayiyo. Chimodzimodzi munthu wolumidwa ndi njoka: magazi amasiyidwa mphindi 20 osakhudzidwa m'kabotolo kagalasi katsopano, ndipo akakhalabe amadzimadzi ndi chizindikiro chakuti ululu wasokoneza kuundana. M'pulasitiki yankho silidalirika. Timabotolo tingapo tagalasi tisasowe ku labour ward.

Kapepo

Aka ndiye kamene timakagwira kwambiri, ndipo kuzolowera kumachititsa kuti tizikapeputsa. Muli EDTA, amene amagwira calcium yense wa m'magazi n'kumumanga. Popanda calcium magazi saundana, ndipo maselo amasunga maonekedwe ndi kukula kwawo kuposa m'kabotolo kena kalikonse. N'chifukwa chake ndi ka full blood count, haemoglobin, sickle cell, HbA1c ya odwala shuga, CD4 ndi viral load. Gulu la magazi ndi crossmatch (kufananiza magazi a wopereka ndi a wolandira) malabu ambiri amachitira pa EDTA, ena amafunabe kofiira. Funsani a ku blood bank yanu kuti iwo amalandira kati.

EDTA alipo wa mitundu iwiri, K2 ndi K3. Bungwe la akatswiri a za magazi la ICSH limalimbikitsa K2, pa muyeso wa mamiligalamu 1.5 mpaka 2.2 pa mililita imodzi ya magazi. Apa m'pamene kamzere kaja kamafunikira. Mchere woyezera mphika wodzadza ukauthira m'ndiwo za theka, ndiwozo sizidyeka. Mukaika theka la mililita m'kabotolo ka mamililita 4, EDTA wochulukayo amakoka madzi m'maselo ofiira, maselo n'kufota, ndipo haematocrit (gawo la magazi limene ndi maselo ofiira) imatsika, filimu n'kuoneka ngati ya munthu wodwala matenda amene alibe. Mukadzadzitsa kupitirira mzere potsegula chitsekero, EDTA amachepa, timagazi toundana ting'onoting'ono n'kupangika. Timeneti timameza ma platelet, makina n'kuwerenga ochepa, kapenanso kutsekeka kumene. Kusatembenuza nako kumabala zomwezo. Katembenuzeni ka 8 mpaka ka 10 mukangotenga, mofatsa, osakhutchumula.

Mwa anthu ena ochepa EDTA amachititsa ma platelet kuunjikana okha. Makina amati ma platelet atsikiratu, 20 okha, wodwala alibe kutuluka magazi kulikonse, ndipo mukayang'ana filimu pa microscope mumapeza ma platelet ataunjikana m'mphepete. Njira yake ndi kutenganso magazi m'kabuluu, kuwerenga msanga, n'kuchulukitsa nambalayo ndi 1.1 pobwezera madzi a citrate amene anasungunula magaziwo. Apa ndi pamalo pamodzi pomwe kabuluu kamalowa m'malo mwa kapepo. Pa malungo, filimu yabwino kwambiri ndi ya magazi a pachala opakidwa nthawi yomweyo. A m'kapepo amatheka, koma apakidwe pasanathe ola limodzi kapena awiri, chifukwa tizilombo timasintha maonekedwe tikakhalitsa mu EDTA, ndipo filimu yokhuthala imakonda kumatuka potsuka.

Tsono vuto lalikulu la kapepo limachitika kunja kwake. Chilembo K chija ndi potassium. Kadontho kamodzi ka magazi a m'kapepo kakalowa m'kofiira, kagolide kapena kobiriwira, zotsatira zimabwera zoopsa: potassium 8 kapena 9, calcium wotsika kwambiri, alkaline phosphatase pafupifupi palibe. Mukapita ku wodi mumapeza mwini wake wa magaziwo atakhala tsonga pabedi, akudya phala, akucheza ndi gadiyani wake. Munthu wa potassium 9 weniweni sakhala choncho. Kawirikawiri chimachitika n'chakuti mtsempha unavuta, magazi anapezeka ochepa, ndiye wotenga anatsegula kapepo n'kutsanulirako pang'ono m'kofiira kuti timabotolo tonse tipite. Cholinga chinali chabwino, chosafuna kubaya wodwala kachiwiri, koma mapeto ake wodwalayo amabayidwabe kachiwiri, tsiku litatayika. Magazi akalowa m'kabotolo kokhala ndi mankhwala asatulukenso kupita m'kena.

Kabuluu

Kabuluu kowala kali ndi sodium citrate wa 3.2 peresenti, wamadzimadzi, ndipo ndi ka PT, INR ndi APTT, miyeso yoona nthawi imene magazi amatenga kuti aundane. Nako kamagwira calcium, koma mosiyana ndi EDTA kamagwira mosalimbitsa, moti wa ku labu amathira calcium n'kuwerenga masekondi amene plasma atenge kuti aundane. Zonsezi zimadalira muyeso wa magawo 9 a magazi pa gawo limodzi la citrate, mwachitsanzo mamililita 2.7 a magazi pa 0.3 a mankhwala. Kakapanda kudzadza, citrate wotsalayo amameza calcium wothiridwa uja, nthawi n'kutalika, INR n'kuoneka yokwera. Taganizirani mtsikana amene anaikidwa valve ya mtima chifukwa cha rheumatic heart disease, amene amamwa warfarin moyo wake wonse. INR yabodza ikachititsa kuti amuchepetsere mankhwala, ngozi yake ndi magazi kuundana pa valve. N'chifukwa chake wa ku labu akabweza kabuluu kosafika pa mzere si nkhanza. Kosakwana 90 peresenti ya muyeso wake sikayenera kuyezedwa.

Mukamagwiritsa ntchito butterfly, singano ija yokhala ndi kapaipi, ndipo kabuluu ndiko koyamba, mpweya wa m'kapaipi umalowa m'kabotolo n'kudya malo a magazi. Yambani ndi kabotolo kena kotaya, kongodzadzitsira kapaipiko. Katembenuzeni katatu kapena kanayi. APTT iyezedwe pasanathe maola 4, pamene PT imapirira mpaka maola 24 kabotolo kakakhala kosatsegulidwa, ndipo kasaikidwe pa ayezi. Mwana wobadwa kumene kapena wodwala wa haematocrit yopitirira 55 peresenti amakhala ndi plasma wochepa, ndiye citrate amafunika kuchepetsedwa. Uzani a ku labu musanatenge. Pa ntchito imeneyi palibe kolowa m'malo mwa kabuluu. Kakasowa, muyesowo udikire. Kachitsekero chakuda ka ESR (muyeso wa liwiro limene maselo ofiira amatsikira pansi) nako kali ndi citrate, koma pa muyeso wa magawo 4 pa limodzi, ndiye sikangagwire ntchito ya kabuluu.

Kotuwa

Magazi osapatulidwa amataya shuga wapakati pa 5 ndi 7 peresenti pa ola lililonse, ndipo kukamatentha kapena maselo oyera akakhala ochuluka amataya msanga kuposa pamenepo. Kotuwa kali ndi sodium fluoride, amene amaimitsa enolase, imodzi mwa ma enzyme amene maselo amagayira shuga, pamodzi ndi potassium oxalate woletsa kuundana. Ndi ka shuga wa ku labu, lactate ndi mowa wa m'magazi. Pa wodi glucometer ndiyo imayankha msanga, koma potsimikiza matenda a shuga, makamaka kwa amayi oyembekezera pomwe kusiyana pang'ono kumasintha chigamulo, muyeso wa ku labu ndi wofunika.

Ambiri sadziwa kuti fluoride sagwira nthawi yomweyo. Pa ola loyamba kapena awiri shuga amatsikabe pafupifupi ngati m'kabotolo kopanda kanthu, kenako m'pamene amaima n'kukhazikika kwa masiku angapo. Ndiye kagolide kapena kobiriwira kopukusidwa msanga kamasunga shuga bwino lomwe, mwinanso kuposa. Kotuwa kamapambana pomwe magazi akhale maola ambiri osaona centrifuge. Kupatula zimenezi musakapemphe china: muli sodium, muli potassium, ndipo fluoride amapha ma enzyme amene tikanafuna kuyeza.

Mabotolo a blood culture ndi ndondomeko yotengera

Awa ndi osiyana ndi ena onse chifukwa cholinga ndi kudyetsa mabakiteriya kuti aswane. Muli msuzi wa chakudya chawo ndi mankhwala otchedwa SPS, amene amaletsa kuundana n'kufooketsa chitetezo cha m'magazi chimene chikanawapha. Munthu wamkulu amafunika mamililita 8 mpaka 10 pa botolo, chifukwa tizilombo timakhala tochepa kwambiri m'magazi, ndipo magazi ochepa ndiwo amachititsa kuti matenda enieni asapezeke. Atengedwe wodwala asanayambe maantibayotiki, khungu ndi chitsekero zitapukutidwa n'kuuma, ndipo botolo lisalowe m'firiji. Phindu lake tinaliona ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, komwe Malawi-Liverpool-Wellcome Programme yakhala ikuyeza blood culture kuyambira mu 1998. Ndi mabotolo amenewa amene anaonetsa kuti typhoid yosamva mankhwala akale inayamba kuchuluka mumzindawu kuyambira mu 2011, ndipo mu 2023 katemera wa typhoid anafika kwa ana m'dziko lonse.

Mukamatenga timabotolo tingapo pa jakisoni mmodzi, nsonga ya mkati imakhudza mankhwala a kabotolo kamodzi n'kuwatengera m'kotsatira. Bungwe la CLSI la ku America linaika ndondomeko iyi: blood culture poyamba, kenako kabuluu, kofiira kapena kagolide, kobiriwira, kapepo, n'kumaliza ndi kotuwa. Ndi bwino kumvetsa chifukwa chake m'malo mongoloweza pamtima. Blood culture imatsogola kuti isadetsedwe. Kabuluu kamabwera kasanakhudzidwe ndi silica wofulumizitsa kuundana kapena heparin wochedwetsa. Kapepo ndi kotuwa timakhala kumapeto chifukwa potassium wake ndiye amaononga ena. Pa magazi a pachala kapena pachidendene cha khanda ndondomeko imasintha: kapepo kamayamba, chifukwa ma platelet amayamba kuunjikana pabalapo nthawi yomweyo, ndipo serum amakhala womaliza.

M'mawodi mwathu ambiri timatengabe ndi sirinji n'kugawira m'timabotolo. Ndondomeko ndi yomweyo, koma changu chimafunika chifukwa magazi ayamba kale kuundana m'sirinjimo. Malangizo a WHO a 2010 a katengedwe ka magazi amati kabotolo kaikidwe pa rack, osati m'dzanja linalo, kuti musadzibaye, ndipo kasiyeni kadzikokere kokha osakankha sirinji. Kukankha kumaswa maselo ofiira, n'kutulutsa potassium yemwe uja. Tourniquet (chingwe chomanga mkono potenga magazi) isapitirire mphindi imodzi, ndipo wodwala asamafumbate n'kufumbatula dzanja mobwerezabwereza, zonsezi zimakweza potassium magazi asanafike n'komwe m'kabotolo.

Viral load: plasma kapena kadi

Pa kuyeza kuchuluka kwa kachilombo ka HIV, ulendo ndiwo umasankha njira kuposa china chilichonse. Plasma wa m'kapepo ndiye muyeso wodalirika kwambiri, wotha kuona ngakhale tizilombo tochepa zedi. Koma amafunika kupatulidwa pasanathe maola amene opanga makinawo ananena, ena maola 6, ena 24, kenako asungidwe mozizira mpaka kufika ku labu yaikulu. Kalipo kachitsekero choyera kotchedwa PPT, kokhala ndi EDTA ndi gel, kamene kamachotsa ntchito yotsanulira plasma, koma nako kamafuna centrifuge ndi kuzizira.

Kadi ya DBS imathetsa zonsezo. Madontho a magazi, a pachala kapena ochokera m'kapepo, amadonthezedwa pa timabwalo 5 ta pepala lapadera, n'kuumitsidwa pamthunzi kwa maola osachepera 3, kenako amaikidwa m'kajumbo kotseka pamodzi ndi timapaketi tomwa chinyontho. Akauma amapirira kutentha kwa milungu, ndipo amakwanira m'chikwama cha anyamata a Riders for Health amene amazungulira m'zipatala pa njinga zamoto. Ndi njira imeneyi imene inafikitsa viral load kumidzi, komanso kuyeza makanda a milungu 6 obadwa kwa amayi amene ali ndi kachilombo. Mtengo wake ndi wakuti saona tizilombo tochepa ngati mmene plasma amaonera, ndipo popeza maselo onse ali pa pepalapo, majini a kachilombo obisala m'maselo amatha kukweza nambala. Pa malire a makope 1000 pa mililita amene WHO inaika, DBS imagwira ntchito, koma pomwe centrifuge, firiji ndi mayendedwe zilipo, plasma ndiye woyamba. Zoononga kadi ndi zodziwika: kukhudza bwalo ndi chala, kudontheza kawiri pamalo amodzi, kuanika padzuwa kuti iume msanga, kuitsekera m'jumbo isanaume, ndi kugwiritsa ntchito magazi a m'kobiriwira.

Magazi akachepa, kapena timabotolo tikatha

Khanda kapena wodwala wouma mitsempha akakupatsani mililita imodzi yokha, musaigawe patatu. Funsani kilinishani kuti chofunika kwambiri lero n'chiti, mudzadze kabotolo kamodzi bwinobwino. Timabotolo ta ana ta theka la mililita tinapangidwira zimenezi, ndipo wodi ya ana ikamaitanitsa katundu izitiika patsogolo. Kofiira, kagolide ndi kobiriwira timapirira kusadzadza kuposa kapepo, pamene kabuluu sikapirira n'komwe.

Kagolide kakatha, kofiira kalowa m'malo mwake bola serum apatulidwe msanga. Tonse tiwiri tikatha, kobiriwira kagwira ntchito pa za impso, chiwindi ndi mchere, mutagwirizana ndi a ku labu chifukwa si makina onse kapena ma kit onse amene amalola plasma. Kotuwa kakatha, tengani m'kobiriwira kapena m'kagolide n'kuthamangira nako ku centrifuge. Kapepo kakatha, haemoglobin ingayezedwe pachala ndi kamakina ka HemoCue ndipo malungo pa filimu kapena mRDT (kachida koyezera malungo msanga), koma full blood count, CD4 ndi viral load ya plasma zidikire. Kapepo sikalowa m'malo mwa kena kalikonse pa potassium ndi calcium.

Timabotolo todutsa tsiku lake timayesa anthu ambiri katundu akasowa. Chimayamba kutha ndi mphamvu yokoka, ndiye kabotolo kamasiya kasanafike pa mzere. M'kabuluu kapulasitiki madzi a citrate amauma pang'onopang'ono, muyeso wa 9 pa 1 n'kusokonekera ngakhale mutadzadza bwino, ndipo gel wa m'kagolide amatha kulephera kutseka. Opanga amati tisungidwe pakati pa madigiri 4 ndi 25. Mwezi wa Okutobala ku Nsanje kapena ku Chikwawa chipinda cha malata chimapitirira pamenepo kutali, ndiye makatoni akhale m'chipinda chozizirirapo cha pharmacy, ndipo pa trolley pazikhala tokwanira masiku ochepa okha, toyamba kutha tsiku tili kutsogolo.